Anthu a m'Boma la Blantyre ndi Mbiri ya Makolo Awo

Pakati pa Blantyre ndi Limbe, m'mbali mwa msewu waukulu wa Masauko Chipembere, pali malo otchedwa Ginnery Corner. M'mawa uliwonse malowa amadzaza ndi anthu. Ena amatsika minibasi ndi kulowera ku chipatala cha Queen Elizabeth atanyamula chakudya cha odwala. Ena amathamangira ku ntchito m'mafakitale ndi m'maofesi a nyuzipepala, pamene ophunzira amalunjika ku sukulu zaukachenjede zimene zili chapafupi. Munthu wotchera khutu amamva Chichewa, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitumbuka ndi Chingerezi asanayende mtunda wautali.

Dzina la malowa lidachokera ku thonje. Pachingerezi mawu oti ginnery amatanthauza nyumba ya makina olekanitsa thonje ndi njere zake. Lero anthu odutsapo saganizanso za thonje, koma dzina lidakanirira. Maina ena a mumzindawu nawonso amasunga mbiri. Ku Wenela ndi kumene amuna ankalembetsa ulendo wa ku migodi ya ku Joni, ndipo ku Mandala kudatchedwa choncho chifukwa cha magalasi a m'maso a Mzungu wina wamalonda, John Moir.

M'chaka cha 1875 kudalibe msewu, chipatala kapena sitolo m'dera lonseli. Kudali midzi, minda ndi thengo basi. Nanga khamu limene limaoneka lero lidachokera kuti? Ndipo mwana wofuna kudziwa makolo a makolo ake angawapeze bwanji? Ena mwa mayankho ali m'mabuku akale, ena ali m'mitu ya agogo, koma ena adatayika.

Eni dziko ndi obwera

Anthu amene adakhala m'derali kuyambira kale ndi Amang'anja, omwe ndi nthambi ya Amaravi. David Livingstone atadutsa m'mapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, adalemba kuti adaona midzi yambiri ya anthu akhama. Anthuwo ankalima mapira, nyemba ndi thonje. Ankapota ulusi, kuomba nsalu ndi kusula makasu. Kotero thonje lidali m'dziko muno makina a Azungu asanabwere.

Patangopita zaka zochepa zinthu zidasintha. Ayao adafika kuchokera kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, m'dziko limene tsopano ndi Mozambique. Padabuka nkhondo, malonda a akapolo adakula, ndipo m'zaka za 1862 ndi 1863 kudagwa chilala ndi njala yoopsa. Amang'anja ambiri adafa, ena adatsikira ku chigwa cha Shire, ena adatsala ndi kukwatirana ndi alendowo. Mafumu a Chiyao, monga Kapeni ndi Machinjiri, adakhazikitsa midzi yawo pafupi ndi mapiri. M'chaka cha 1884 Angoni a Maseko adaoloka Shire ndi kuthira nkhondo m'derali, ndipo anthu adathawira pamwamba pa mapiri a Ndirande ndi Soche. Pambuyo pake Angoni ambiri adabweranso, koma tsopano atanyamula makasu kudzafuna ntchito, ndipo ena sadabwererenso kwawo.

Za anthu onsewa palibe amene adalemba kaundula wa maina. Odziwa kulemba adali alendo odutsa, ndipo iwo ankalemba maina a mafumu okha.

Mishoni ndi mabuku ake

Mu Okutobala 1876 amishoni a ku Scotland adafika ndi kumanga misasa pafupi ndi phiri la Nyambadwe. Amene adasankha malowo ndi Henry Henderson pamodzi ndi womasulira wake, Tom Bokwito, yemwe adaomboledwa ku ukapolo ali mwana. Mfumu Kapeni idawalola kukhala. Iwo adatcha malowo Blantyre, dzina la mudzi umene Livingstone adabadwirako m'chaka cha 1813, ngakhale kuti anthu ambiri amakondabe kunena kuti ku Kabula.

Amishoni adabwera ndi chizolowezi cholemba chilichonse. Adali ndi buku la ubatizo, buku la maukwati ndi buku la ana a sukulu. Munthu akabatizidwa ankalemba dzina lake ndi tsiku la ubatizowo. Umu ndi momwe maina a anthu wamba a dera lino adayambira kulowa m'mabuku. Chifukwa cha zolembalemba za pamishoni, mbiri ikudziwa anthu monga Joseph Bismarck, mphunzitsi amene adadzakhala mlimi wamkulu; Mungo Chisuse, wosindikiza mabuku ndi wojambula zithunzi; ndi John Gray Kufa, wothandiza dotolo, amene atsamunda adamupha m'chaka cha 1915 chifukwa cha nkhondo ya John Chilembwe. Harry Kambwiri Matecheta, yemwe adadzozedwa ubusa m'chaka cha 1911, adachita chinthu china chachikulu. Iye adalemba yekha m'Chinyanja buku lofotokoza chiyambi cha mishoni ya Blantyre, ndipo lidasindikizidwa m'chaka cha 1951.

Komabe mabuku a mpingo ali ndi malire ake. Mudalowa maina a okhawo amene adabatizidwa, kukwatira mu mpingo kapena kuphunzira sukulu. Asilamu, omwe ndi ambiri pakati pa Ayao, sapezekamo. Anthu amene ankathira nsembe kwa mizimu ya makolo nawonso mulibe. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Aliyense amadziwa kuti woyang'anira ntchitoyo adali David Clement Scott, koma ndi ochepa mwa olowa m'tchalitchimo lero amene angatchule dzina la mmodzi mwa amuna ndi akazi amene adaumba njerwa ndi kutunga madzi.

Mudzi usanduka mzinda

Amalonda adatsatira amishoni. Kampani ya African Lakes idayamba m'chaka cha 1878, ndipo nyumba yake ya Mandala, yomangidwa mu 1882, ilipo mpaka lero kufupi ndi Ginnery Corner. Mu 1891 dziko lino lidalowa m'manja mwa Angerezi. Azungu adatenga malo aakulu ndi kutsekula minda ya khofi, thonje ndi fodya. Anthu okhala pamalo oterowo ankagwira thangata, ndiko kuti ntchito yolipirira malo okhala.

Minda imeneyi inkafuna manja ambiri. Kuyambira cha m'ma 1900 Alomwe ambiri adaoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo adapeza malo m'minda ya Azungu ndi m'midzi ya mafumu a kuno. Njanji idafika mu 1908. Pamenepo Limbe adakula chifukwa cha sitima ndi fodya, ndipo Amwenye adatsekula masitolo. Mu 1956 matauni awiri a Blantyre ndi Limbe adaphatikizidwa kukhala amodzi. Chipatala cha Queen Elizabeth chidatsekulidwa mu 1958 pakati pa matauni awiriwo, ndipo mu 1966 Blantyre adalandira ulemu wotchedwa mzinda.

Kaundula wa msonkho

Boma la atsamunda nalonso linkalemba maina, koma cholinga chake chidali msonkho. Nyumba iliyonse inkayenera kulipira msonkho chaka ndi chaka. Mlembi ankafika pamudzi, nyakwawa nkuitana anthu ake, ndipo maina a eni nyumba ankalowa m'kaundula. Ana sankalembedwa maina, pakuti mwana sakhoma msonkho.

Atsamunda adayesa kuwerenga anthu m'zaka za 1911, 1921, 1926, 1931 ndi 1945. Mu 1911 adapeza kuti dziko lonse lidali ndi anthu osakwana 1,000,000, ndipo mu 1945 adapeza opitirira pang'ono 2,000,000. Ziwerengero zimenezi sizidali zodalirika kwenikweni. Kawirikawiri owerenga sankalowa nyumba ndi nyumba, koma ankadalira kaundula wa msonkho ndi zimene mafumu ankawauza. Anthunso ankaopa. Kwa iwo munthu wobwera ndi buku ndi cholembera adali munthu wa msonkho, choncho ena ankazemba. Ndani angawadzudzule?

Chodabwitsa china ndi ichi. Lamulo la 1904 lidakakamiza Azungu ndi Amwenye kulembetsa ana obadwa ndi anthu omwalira, koma silidakakamize eni dziko. Mwana wa Mzungu wobadwira ku Mandala adali ndi chikalata chonena tsiku lake lobadwa, pamene mwana wa wophika wake adalibe. Ndi chifukwa chake agogo ambiri akafunsidwa zaka zawo amayankha kuti adabadwa chaka cha dzombe kapena chaka cha njala. Kuwonjezera apo, mu 1919 moto udatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira adapsa.

Kalembera wa dziko lodzilamulira

Malawi adalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Dziko latsopano linkafunika kudziwa anthu ake kuti likonze masukulu, zipatala, misewu ndi madzi. Choncho mu 1966 kudachitika kalembera woyamba wofika pakhomo lililonse. M'dziko lonse mudapezeka anthu 4,039,583, ndipo mwa iwo 109,461 adali mumzinda wa Blantyre.

Kalembera wotsatira adachitika mu 1977. Anthu a mumzinda wa Blantyre adafika 219,011, kusonyeza kuti m'zaka 11 zokha adawirikiza kawiri. Si kubadwa kokha kumene kudachititsa zimenezi. Anthu ankabwera kuchokera m'midzi ya boma lomweli ndiponso ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Chikwawa, Ntcheu ngakhalenso ku Karonga kudzafuna ntchito. Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni zidadzaza. Mu 1987 anthu adali 333,120, ndipo mu 1998 adali 502,053. Likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo pofika kalembera wa 2008 mzinda wa Lilongwe udali utaposa Blantyre.

Pa kalembera wa 2018 alembi adanyamula timakompyuta ta m'manja m'malo mwa mapepala. Adapeza anthu 17,563,749 m'dziko lonse. Mumzinda wa Blantyre mudali anthu 800,264, pamene m'midzi ya boma la Blantyre mudali anthu 451,220. Midzi imeneyi ili pansi pa mafumu aakulu monga Kapeni, Machinjiri, Somba, Kuntaja, Kunthembwe, Chigaru, Lundu ndi Makata. Anthu ake ambiri ndi alimi a chimanga, nandolo ndi ndiwo zamasamba, ndipo ndiwo amene amadyetsa misika ya Lunzu, Ndirande ndi Limbe.

Kalembera amanena kuchuluka kwa anthu, koma sauza munthu kuti agogo ake adali yani. Ofesi yowerengera anthu ku Zomba imafalitsa manambala okha, maina imasunga mwachinsinsi. Ntchito yolemba munthu aliyense payekha ndi ya nthambi ina ya boma. Kuyambira mu 2015 lamulo likukakamiza kuti mwana aliyense wobadwa m'Malawi alembetsedwe, ndipo mu 2017 anthu opitirira 9,000,000 a zaka 16 kapena kuposerapo adalembetsa chiphaso cha unzika. Khanda lobadwira ku Chatinkha, m'chipatala cha Queen Elizabeth, limalembedwa dzina lake, tsiku lobadwa ndi maina a makolo ake. Zidzukulu zake sizidzavutika kulipeza.

Buku la m'mutu

Koma nanga amene adabadwa kale? Anthu a m'midzi adali ndi njira yawo yosungira mibadwo ngakhale sankalemba. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amawerenga mtundu kuchikazi. Mwamuna akakwatira ankapita kukakhala kwa mkazi monga mkamwini, ndipo ana ankakhala a kwa mayi. Alongo pamodzi ndi ana awo amatchedwa mbumba, ndipo mlongo wawo wamwamuna, amene ana amamutchula kuti malume kapena atsibweni, ndiye mwini mbumba. Iyeyu amayenera kudziwa mayi amene adabala mbumba yonseyo, kumene adachokera, minda imene adapatsidwa ndi kumene adaikidwa. Pa maliro, pa ukwati ndi polonga ufumu akuluakulu amatchula maina amenewa mokweza, ndipo ana akumva. Ngati wina walakwitsa, agogo aakazi amamukonza pomwepo.

Mfunda nawonso umathandiza. Anthu awiri osadziwana akakumana ku Limbe, wina nkunena kuti ndi Mbewe, winanso nkuti ndi Nambewe, amayamba kufunsana za kwawo mpaka atapeza pamene pali ubale. Mifunda monga Phiri, Banda, Mwale, Mbewe ndi Milanzi imapezeka pakati pa mitundu ingapo ya m'boma lino. Angoni a Maseko adabwera ndi mwambo wotsata kuchimuna, ndipo masiku ano ana ambiri a m'tauni amatenga dzina la bambo.

Wofufuza makolo amakumana ndi zopinga zimene ayenera kuzidziwa. Choyamba, munthu mmodzi ankatha kukhala ndi maina angapo: la paubwana, la kuchinamwali, la paubatizo, mwinanso lina limene adalitola ku migodi. M'buku la mpingo adalembedwa ndi dzina lina, m'kaundula wa msonkho ndi linanso, pamene kumudzi ankamuitana ndi dzina la mwana wake woyamba. Chachiwiri, dzina limodzi limatha kukhala la anthu ambiri. Mfumu ikamwalira, wolowa m'malo mwake, yemwe nthawi zambiri amakhala mwana wa mlongo wake, amatenga dzina lomwelo. Kapeni amene adalandira amishoni mu 1876 si Kapeni wa lero. Agogo akanena kuti adapatsidwa munda ndi a Kapeni, wofunsa ayenera kufunsanso kuti a Kapeni ake ati. Palinso amachona, amuna amene adapita ku Joni kapena ku Rhodesia osabwerako. Iwowa adasiya ana kuno, nkukaberekanso ena kumeneko.

Zimenezi si nkhani zongochezera madzulo. Milandu yambiri ya minda ndi ya ufumu imene imafika kubwalo la mfumu imagona pa funso limodzi: kodi uyu adabadwa kwa yani? Mbumba imene yaiwala mayi amene adayamba kulima munda wawo itha kulandidwa mundawo ndi ena odziwa kuyala bwino mbiri. Vutoli likukula chifukwa ana ambiri akukulira m'tauni, kutali ndi amalume awo, ndipo amapita kumudzi pa maliro pokha.

Akatswiri a mbiri amaphatikiza zolembedwa ndi zapakamwa. Makalata akale a boma ndi a mipingo ina amasungidwa ku nyumba yosungira zolembedwa za dziko ku Zomba. Ku nyumba ya Mandala kuli laibulale ya bungwe la Society of Malawi, momwe muli mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Koma makalata okha sakwanira. M'chaka cha 1949 mvula idakanika ndipo kudagwa njala yaikulu m'boma la Blantyre, makamaka ku Lunzu. Makalata a atsamunda amafotokoza za chimanga chimene boma lidagawa ndi misasa imene lidatsekula yodyetserako anthu. Patapita zaka zambiri, katswiri wina wa mbiri, Megan Vaughan, adapita m'midzi ya kumeneko ndi kukhala pansi ndi amayi okalamba. Amayiwo adafotokoza za amuna amene adanyamuka kukafuna chakudya nkuchoneratu, za maukwati amene adatha, ndi za mizu ya m'thengo imene ankakumba kuti ana adye. Zina mwa izi adazisunga m'nyimbo zapamtondo. Buku la mayiyu lidatuluka mu 1987.

Mawu oti muwadziwe

kaundula: buku lalikulu lolembamo maina a anthu
kalembera: ntchito yowerenga anthu onse a m'dziko
thangata: ntchito imene anthu ankagwira m'minda ya Azungu polipirira malo okhala
mbumba: alongo pamodzi ndi ana awo, amene ali m'manja mwa mlongo wawo wamwamuna
mfunda: dzina losonyeza pfuko la munthu
mchona: munthu amene adapita kutali osabwereranso kwawo
nyakwawa: mfumu ya mudzi umodzi

Mafunso

1. Kodi dzina loti Ginnery Corner lidabwera bwanji?
2. Tchulani ntchito zitatu zimene Amang'anja ankagwira pamene Livingstone adawaona mu 1859.
3. Ndi anthu ati amene maina awo sapezeka m'mabuku a mishoni? Chifukwa chiyani?
4. Chifukwa chiyani anthu ena ankazemba owerenga anthu m'nthawi ya atsamunda?
5. Fotokozani kusiyana kwa kalembera ndi kulembetsa mwana wobadwa.
6. Phatikizani anthu a mumzinda wa Blantyre ndi a m'midzi ya boma la Blantyre mu 2018. Kodi onse pamodzi adali angati?
7. Kodi ndi zinthu ziti zimene amayi a ku Lunzu adakumbukira zimene makalata a boma sadafotokoze mokwanira?
8. Pezani aneni asanu a nthawi yakale m'ndime yonena za Ayao, ndipo mupange chiganizo chanu ndi mneni aliyense.

Ntchito

Pitani kwa munthu wamkulu wa m'banja mwanu. Khalani pansi mwaulemu ndi kupempha kuti akuuzeni maina a makolo anu. Mutha kuyamba motere: "Agogo, kodi amayi anu adali yani, nanga adabadwira mudzi uti?" Lembani maina onse amene munthu aliyense ankadziwika nawo, mfunda wake, mudzi wake ndi mfumu yake. Ngati chaka chobadwa sichikudziwika, funsani chinthu chachikulu chimene chidachitika nthawi imeneyo. Kenaka jambulani mtengo m'kope mwanu, muike dzina la kholo lakale kwambiri patsinde ndi dzina lanu pansonga ya nthambi. Mubwere nalo kopelo m'kalasi sabata yamawa.